Phulusa la Mankhusu a Mpunga ndi Ntchito Yake M'simenti

Liwaladzi ndi malo a m'mphepete mwa nyanja m'boma la Nkhotakota, pa msewu wa M5, pakati pa mtsinje wa Bua ndi minda ya nzimbe ya ku Dwangwa. Chakudya chachikulu cha anthu a kumeneko ndicho kondowole ndi nsomba, koma mwa mbewu zobweretsa ndalama mpunga ndi nzimbe ndizo zili patsogolo. Mpunga suli wachilendo m'dziko limenelo, pakuti mbiri imanena kuti ulimi wake unakula m'masiku a Jumbe, Mswahili uja anakhazikika ku Nkhotakota cha m'ma 1840, ndipo kufikira lero mpunga wa Faya ndi wa Kilombero uli kulimidwa m'madambo ndi pa sikimu ya Bua. Tsono pamene pali mpunga pamakhalanso chigayo, ndipo kuseri kwa chigayo kumakhala mulu wa mankhusu. Ena amatapako kukayala m'khola la nkhuku, ena amasonkhera moto, koma otsala amangotenthedwa, ndipo muluwo umafuka utsi masiku ambiri wosaonetsa lawi.

M'dziko lomwelo simenti ndi chinthu chodula ndi chochokera kutali. Masiku ano ikufunika koposa kale, chifukwa mu 2018 boma linaika malamulo oletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa zomanga za boma ndi zamalonda, pofuna kupulumutsa mitengo, ndipo zipinda zambiri za sukulu tsopano zimamangidwa ndi mabuloko a simenti. Madzi osefukira amene anavuta dera la Dwangwa kumayambiriro a 2024 anaonetsanso poyera kuti khoma lomangira dothi silikhalitsa likaima m'madzi. Chifukwa chake mbiri yakuti phulusa la mankhusu lingalowe m'malo mwa gawo la simenti imamveka yokoma m'makutu a komiti ya sukulu iliyonse. Ndipo pakuti kumudzi mphunzitsi ndiye amayesedwa wodziwa za m'mabuku, iyeyo ndiye adzafunsidwa ngati mbiriyo ili yoona. Yankho lake ndi lakuti ili yoona ndithu, koma ili ndi malire. Ndipo mphunzitsi wodziwa zoonazo, wosadziwa malire ake, angagwetse khoma pa ana ake omwe.

Kuti nkhaniyi imveke, nkofunika kuyamba ndi simenti imene. Simenti ndi mwala wa laimu ndi dongo, zoperedwa pamodzi ndi kuotchedwa m'ng'anjo yaikulu yozungulira, pa moto wofika madigiri 1450. Zotuluka m'ng'anjomo ndi timibulu tolimba totchedwa kilinka, ndipo timibuluto tikaperedwa pamodzi ndi mwala pang'ono wa jipisamu, ufa wake ndiwo uja umagulitsidwa m'matumba a makilogalamu 50. Mmisiri wina wa ku Leeds, dzina lake Joseph Aspdin, ndiye analembetsa kapangidwe ka simenti yotchedwa Portland mu 1824, naipatsa dzinalo chifukwa ikalimba imafanana ndi mwala womangira wa ku Portland. M'Malawi fakitale yoyamba inamangidwa ku Blantyre m'zaka za m'ma 1950, ndipo mwala wake unali kuchokera ku Changalume, m'boma la Zomba, kufikira ntchito ya kumeneko inatsekedwa mu 2002. Fakitale yoyandikira Nkhotakota ndi ya Shayona m'boma la Kasungu, ndipo ina ili ku Njereza m'boma la Mangochi. Kudula kwa simenti kumachokera makamaka ku moto waukulu uja ndi ku ulendo wa magalimoto. Palinso mtengo wina wosalembedwa pa thumba: mwala wa laimu ukapsa umatulutsa mpweya wa kaboni, ndipo mafakitale a simenti a dziko lonse amatulutsa pafupifupi magawo 8 mwa 100 a mpweya wotere umene anthu amauponya kumwamba.

Pali mawu amodzi m'chinenero chathu amene amasokeretsa amisiri ambiri. Anthu amati simenti yauma, monga amanenera za dothi lozira pansi kapena za njerwa zosaotcha. Koma simenti siuma ayi. Dothi limalimba madzi akachokamo, ndipo likanyowanso limabwerera kukhala matope. Simenti imalimba chifukwa madzi alowamo ndi kukhala mbali ya mwala watsopano, ndipo imalimba ngakhale pansi pa nyanja. Mawu oyenera kuphunzitsa ana ndi akuti simenti yagwira. Kusiyana kwa mawu awiriwa si nkhani ya galamala chabe, pakuti mmisiri amene akhulupirira kuti simenti iyenera kuuma amasiya mabuloko ake padzuwa la mwezi wa Okutobala, nakondwa poona kuti ayera msanga, osadziwa kuti wawapha ndi ludzu.

Madzi akakumana ndi ufa wa simenti pamabadwa zinthu ziwiri. Choyamba ndi ulimbo wolimba umene umamanga mchenga ndi miyala pamodzi, ndipo mphamvu yonse ya konkire ili mu ulimbo umenewu. Chachiwiri ndi laimu wotsala, wofanana ndi njereza yopaka m'makoma, amene amafika pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a simenti yogwira. Laimu ameneyu alibe mphamvu yambiri, ndipo madzi amamsungunula pang'onopang'ono. Mizere yoyera imene imaoneka kunsi kwa milatho ndi m'mbali mwa mathanki a madzi ndiyo laimu wotuluka, ndipo potuluka amasiya tinjira tating'ono tolowera madzi ena. Tsono funso lakhala lakuti, kodi laimu wongokhalayu sangapatsidwe mnzake, kuti nayenso asanduke ulimbo?

Mnzakeyo anapezeka kale kwambiri, simenti isanadziwike nkomwe. Aroma akale anaona kuti dothi lina la ku mudzi wa Pozzuoli pafupi ndi Naples, ndi la m'mbali mwa phiri la moto la Vesuvius, likasakanizidwa ndi laimu limagwira ngati mwala, ngakhale m'madzi a m'nyanja. Mmisiri wawo Vitruvius analemba za dothilo Yesu asanabadwe. Nyumba yotchedwa Pantheon ku Rome, imene inatha kumangidwa cha m'ma 125, ili ndi denga lobulungira la mamita 43 m'mimba mwake, lopanda chitsulo chilichonse m'kati, ndipo lili chiimire mpaka lero. Dothi la ku Pozzuoli linali phulusa la phiri la moto, ndipo kuchokera ku dzina la mudziwo amisiri amatcha pozolana chinthu chilichonse chimene pachokha sichigwira, koma chikakumana ndi laimu ndi madzi chimagwira. Ku India amisiri akale anali kupera njerwa zootcha nasakaniza ufa wake ndi laimu, nautcha surkhi. Nzeru yake ndi yomweyo.

Chimene chimagwira ntchito mu pozolana ndi silika, ndicho chinthu chimene mchenga woyera wa kunyanja ndi galasi zapangidwa nacho. Apa ndipo mpunga ulowa m'nkhani. Mpunga ukamakula umamwa silika yosungunuka m'madzi a m'dambo, ndipo yambiri umaiunjika m'mankhusu, kuti ikhale ngati chishango chotchinjiriza njere ku tizilombo. Aliyense amene anapetapo mpunga akudziwa zotsatira zake ngakhale sadziwa dzina lake: mankhusu amayabwa pakhungu, amadya zitsulo za chigayo, savunda msanga m'dzala, ndipo ng'ombe siziwakonda. Mankhusu akapsa, phulusa lotsala limakhala ndi silika magawo 85 kufikira 95 mwa 100.  M'zaka za m'ma 1970 P. K. Mehta, mphunzitsi wa pa University of California ku Berkeley, anaonetsa kuti mankhusu otenthedwa mosamala amapereka pozolana yamphamvu kwambiri, ndipo kuyambira pamenepo nkhaniyi yayesedwa m'maiko ambiri olima mpunga.

Wina angafunse kuti, ngati mchenga nawonso uli silika, nanga bwanji sugwira ndi laimu? Chifukwa chake ndi ichi. M'mchenga tizigawo ta silika tinayalana m'mizere yolongosoka, togwirana zolimba monga njerwa za m'khoma, ndipo laimu sapeza polowera. M'phulusa la mankhusu tizigawoto tili balala, monga njerwa zongotayidwa pamulu, ndiponso kambewu kalikonse ka phulusa kali ndi timabowo tosawerengeka ngati chisa cha njuchi. Laimu wotsala uja amalowa m'timabowomo, nagwirana ndi silika, ndipo pamabadwa ulimbo womwe uja umene simenti imabala. Chotero chinthu chofooka chasanduka cholimba, ndipo tinjira ta madzi tatsekeka. Konkire yotere imachedwa kulowa madzi, imateteza bwino chitsulo cha m'kati ku dzimbiri, ndipo ikakhala miyezi ingapo mphamvu yake imafanana ndi ya simenti yokha, mwinanso kuiposa. Koma aliyense akumbuke kuti phulusalo silili simenti. Lili ngati mlendo wodya za mwini nyumba: laimu wotsala akatha, phulusa loonjezera limangokhala fumbi m'khoma.

Si phulusa lililonse limene lili ndi ntchito imeneyi, ndipo amayi a kumudzi ndiwo angathandize mphunzitsi kufotokoza chifukwa chake. Mayi akafuna chidulo chophikira therere kapena chigwada, amatentha zitsononkho za chimanga, makoko a mtedza kapena mapesi a nyemba, naika phulusalo m'chiwiya chobooka, nathira madzi, ndipo madzi odontha pansi amakhala oterera ndi owawa. Chimene chimafewetsa ndiwo m'madzi amenewo ndi mchere wotchedwa potashi. Mchere wokoma mumphikawu ndi mdani m'khoma, pakuti umatuluka ngati chikungu choyera pa pulasitala, ndipo ukakumana ndi miyala ya mitundu ina m'konkire umabala chinthu chotupa chimene chimang'amba konkire patapita zaka. Phulusa la nkhuni la pa mafuwa nalonso lili ndi potashi wambiri ndi silika yochepa. Phulusa la zitsononkho layesedwa ku Nigeria, ndipo linaoneka kuti lingalowe m'simenti pang'ono likatenthedwa bwino; koma zitsononkho zimasiya phulusa lochepa kwambiri, ndipo nkwabwino kuzisiyira amayi a chidulo. Lamulo losavuta kukumbukira ndi ili: phulusa lokoma chidulo silikoma simenti.

Ngakhale mankhusu a mpunga omwe, ubwino wa phulusa lake uli m'katenthedwe, ndipo apa ndi pamene ntchito yambiri imaonongekera. Moto woyenera ndi wa pakati pa madigiri 500 ndi 700, woyaka pang'onopang'ono ndi mpweya wokwanira. Moto ukachepa, kapena mpweya ukasowa, mankhusu amasanduka makala, ndipo phulusa limatuluka lakuda. Makala amenewa samagwira ndi laimu, amangomwa madzi ndi kufooketsa konkire. Moto ukapitirira madigiri 800 nukhalitsa, silika ija inali balala imayalana m'mizere nisanduka ngati mchenga, ndipo mphamvu yake imatha. Phulusa lotere nthawi zina limaoneka lofiirira pang'ono, ndipo limalira m'zala monga mchenga. Fumbi lakenso ndi loopsa, chifukwa likalowa m'mapapo masiku ambiri limabweretsa chifuwa chosachizika. Phulusa labwino ndi lotuwa moyera, lopepuka, lofewa m'manja.

Tsono mulu uja wa kuseri kwa chigayo uli ndi mitundu yonse itatu pamodzi. Pamene mpweya unafika bwino pali phulusa lotuwa. Pamene sunafike pali makala. Ndipo pakati, pamene moto unakhala masiku ambiri wosazima, pangakhale lopsereza. Pansi pake pamakhalanso dothi ndi zinyalala. Munthu wotapa pamulu wotere ndi fosholo sadziwa chimene wanyamula, ndipo wilibala ya lero idzasiyana ndi ya mawa. Ku India, ku Pakistan ndi ku Nepal amisiri anakonza mauvuni aang'ono a njerwa okhala ndi mabowo m'mbali, ndi chitoliro cha waya wa sefa choimika pakati, kuti mpweya ufike paliponse ndi kuti moto usakule. Uvuni wotere suposa nzeru za mmisiri wa ku Liwaladzi, ndipo ngakhale mgolo wachitsulo woboolaboola umagwira ntchitoyo. Chofunika ndi kudekha, pakuti mankhusu sapsa mothamanga, ndipo phulusa liyenera kuzizira lokha, losathiridwa madzi.

Kutentha kukatha pamatsala kupera. Phulusa losapera limasunga maonekedwe a mankhusu, ndipo lotero siligwira bwino. Liyenera kusalala ngati simenti imene, kotero kuti munthu akalitikita pakati pa zala asamve kambewu. Kumafakitale amalipera mumgolo wozungulira wokhala ndi mipira yachitsulo m'kati. Mtondo ndi munsi zimakwanira popera la phunziro la m'kalasi, koma la nyumba yathunthu lingatopetse mudzi wonse, ndipo wosinjayo ayenera kuphimba mphuno ndi pakamwa. Kupera kumeneku ndiko kumadya ndalama zambiri pa ntchito yonseyi, ndipo anthu olalikira kuti phulusa ndi laulere amakonda kukuiwala.

Masamu a nkhaniyi ndi oyenera kuwapatsa ana a Sitandade 7, chifukwa amatsitsa mtima pansi. Mankhusu amalemera pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a mpunga wosapuntha, ndipo phulusa limalemera pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a mankhusu. Mlimi amene wakolola matumba 20 a makilogalamu 50 ali ndi makilogalamu 1000 a mpunga. M'menemo mudzatuluka makilogalamu 200 a mankhusu, ndipo akapsa padzatsala makilogalamu 40 okha a phulusa, osadzaza ndi thumba limodzi lomwe pa sikelo. Muyeso umene amisiri ophunzira amavomereza ndi wakuti phulusa lilowe m'malo mwa magawo 10 kufikira 20 mwa 100 a simenti, ndipo pa phulusa lotenthedwa kumudzi nkwanzeru kuima pa 10. Tsono ngati nyumba ifuna matumba 100 a simenti, opulumuka ndi matumba 10, ndiwo makilogalamu 500 a phulusa, ochokera m'makilogalamu 2500 a mankhusu, ochokera m'matumba 250 a mpunga. Ziwerengerozi zionetsa kuti ntchitoyi si ya mlimi mmodzi pakhomo pake. Ili ya mwini chigayo, kapena ya gulu la alimi a pa sikimu, kumene mankhusu a midzi yambiri amakumana pa malo amodzi.

Muyesowo ndi wa pa sikelo, si wa ndowa ayi. Phulusa ndi lopepuka kwambiri kuposa simenti, ndipo ndowa ya phulusa silingana kulemera ndi ndowa ya simenti. Mmisiri ayese kamodzi pa sikelo ya pa chigayo makilogalamu 5 a phulusa lopera, aone pamene afika m'ndowa, alembe mzere, ndipo muyeso umenewo ndiwo wosakaniza ndi makilogalamu 45 a simenti. Asakanize ziwirizo zili zouma kufikira mtundu ukhale umodzi, asanathire mchenga.

Palinso chinthu china chimene ambiri sachidziwa. Simenti yambiri ya m'masitolo inasakanizidwa kale ku fakitale ndi ufa wa mwala wa laimu wosaotcha kapena ndi pozolana ina. Pa thumba pamalembedwa nambala, monga 32.5 kapena 42.5, yonena mphamvu imene simentiyo imafika patapita masiku 28, ndipo kawirikawiri ya nambala yaing'ono ndiyo ili ndi kilinka yochepa. Kilinka ikachepa, laimu wotsala amachepanso, ndipo phulusa limasowa chogwirana nacho. Wothira phulusa m'simenti yotere ali ngati mayi wothira madzi m'mkaka umene wogulitsa anathiramo kale. Mphunzitsi aphunzire kuwerenga thumba asanapereke uphungu.

Zovuta ziwiri zotsala ndi za madzi, ndipo zimakokera mbali zosiyana. Posakaniza, phulusa limamwa madzi ndi timabowo take tija, matope amalimba, ndipo mmisiri amafuna kuonjeza madzi kuti fosholo iyende. Madzi oonjezawo ndiwo amapha konkire, chifukwa akauma amasiya mabowo. Nkwabwino kupirira ndi matope olimba ndi kuwatsendera bwino. Koma konkire ikagwira imafuna madzi ambiri, ndiponso masiku ambiri kuposa ya simenti yokha, pakuti phulusa limadikira kuti simenti iyambe yabala laimu, ndipo pamenepo ndi pamene limayamba ntchito yake. Ya simenti yokha imathiriridwa masiku 7. Ya phulusa isachepere masiku 14, yophimbidwa ndi udzu kapena masaka onyowa. Kunyanja, kumene dzuwa limatentha ndipo mphepo ya mwera imaumitsa zinthu msanga, lamuloli ndi lalikulu koposa. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ana a sukulu angapatsidwe ntchito yothirira mosinthana, ndipo aphunzirapo kanthu.

Za nzimbe zingonenedwa mwachidule. Fakitale ya shuga ya ku Dwangwa, imene inayamba kugaya mu 1979, imatentha makoko a nzimbe zofinyidwa kuti ipeze nthunzi yoyendetsa makina, monga amachitira mafakitale a shuga kulikonse. Phulusa la makokowa lili nayo silika, ndipo layesedwa m'simenti ku Brazil, ku India ndi ku Thailand. Koma moto wa m'fakitale unakonzedwa kuti uwiritse madzi, si kuti ubale phulusa labwino. Umatentha kwambiri, umasiya makala, ndipo nzimbe zimabwera ndi mchenga wa kumunda. Phulusa lotero lifuna kusefedwa, kuperedwa ndi kuyesedwa ndi makina, ndipo imeneyo ndi ntchito ya akatswiri, si ya komiti ya sukulu.

Nanga mphunzitsi adzati chiyani komiti ikamfunsa? Ayambe wasiyanitsa zomanga zimene zikalephera zimangotayitsa ndalama, ndi zimene zikalephera zimapha munthu. Pansi pa khonde, ngalande za madzi a mvula, pulasitala, matope omangira mpanda waufupi, malo oyanikapo mpunga: pamenepo phulusa lotuwa ndi lopera bwino lingayesedwe, kuyambira pa kachigawo kakang'ono. Koma mizati, mitanda ya pamwamba pa zitseko ndi mazenera, thanki la madzi, ndi chivundikiro cha dzenje la chimbudzi chimene mwana amapondapo tsiku ndi tsiku, zimenezi zisalowe phulusa popanda injiniya amene wayesa konkireyo. Kayesedwe kake ndi kuumba timabokosi ta konkire ta mamilimita 150 mbali zonse, kutisunga m'madzi masiku 28, ndi kutiphwanya m'makina oyesa mphamvu. Bungwe la Malawi Bureau of Standards, limene linakhazikitsidwa mu 1972, ndilo limaika miyeso ya simenti yogulitsidwa m'dziko muno. Ndipo nyumba yomangidwa ndi ndalama za boma ili ndi mapulani ake olembedwa, amene mphunzitsi kapena komiti alibe ufulu wakuwasintha.

Pali choopsa china chimene sichili m'mabuku a sayansi. Aliyense amene anayang'anirapo ntchito yomanga akudziwa kuti matumba a simenti ali ndi miyendo. Mmisiri wosakhulupirika, akangomva kuti aphunzitsi avomereza phulusa, wapeza chofunda: adzachotsa matumba atatu mwa khumi, nadzaza malo ake ndi phulusa lakuda la pamulu, ndipo akafunsidwa adzati ndi nzeru yatsopano. Khoma lotero limaoneka bwino tsiku lopereka nyumba, ndipo limayamba kufumbutuka mvula yachiwiri. Chifukwa chake pamene phulusa laloledwa, kuwerenga matumba kukhale kolimba kuposa kale, ndipo kusakaniza kuchitike poyera, munthu wa komiti alipo.

Njira imene ingapindulitse midzi ya kunyanja koposa mwina ndi ija ya Aroma, yosalowamo simenti konse. Njereza yosakaniza ndi phulusa la mankhusu imapanga matope omangira ndi opakira amene sasungunuka ndi mvula, ngakhale kuti mphamvu yake ndi yochepa ndipo amachedwa kugwira. Laimu amaotchedwa m'Malawi momwemo, monga ku mapiri a Chenkumbi m'boma la Balaka, ndipo moto wake ndi wa madigiri pafupifupi 900, wochepa kwambiri poyerekeza ndi wa simenti. Koma wogula asamale: laimu wothira m'munda kawirikawiri ndi mwala wongopera, wosaotcha, ndipo ameneyo sagwira ndi phulusa ngakhale atakhala chaka. Wofunika ndi laimu womangira, amene anaotchedwa nathiridwa madzi.

Ndi njereza yomweyo mphunzitsi angaonetse ana nkhani yonseyi ndi maso awo, popanda chipangizo chogula. Akonze mbale zinayi. M'mbale iliyonse aike muyeso umodzi wa njereza, ndipo aonjeze miyeso iwiri ya chinthu china: yoyamba mchenga wa kunyanja, yachiwiri phulusa la pa mafuwa, yachitatu phulusa lakuda la pamulu wa kuchigayo, yachinayi phulusa lotuwa la mankhusu losinjidwa ndi kusefedwa. Athire madzi pang'ono, aumbe timipira tofanana ndi dzira la nkhuku, natikulunge m'pepala la pulasitiki kuti tisaume, nalembepo tsiku. Kusakanizako achite yekha, atavala pulasitiki m'manja, chifukwa njereza imatentha khungu ndipo ikalowa m'diso ingalichititse khungu. Patapita masiku 7 ana aike timipirato m'mabotolo a madzi oduladula pakamwa. Ka mchenga kadzamwazika pansi, pakuti laimu wake sanapeze mnzake. Ka phulusa la pa mafuwa ndi ka phulusa lakuda kawirikawiri timafewa kapena kunyenyeka m'mbali. Ka phulusa lotuwa kadzakhala chikhalire. Kameneko kasiyidwe m'madzi momwemo, ndipo ana azikakanda ndi msomali tsiku la 14 ndi tsiku la 28, nalemba m'makope mwawo kuzama kwa mzere umene msomali wasiya.